Mapapo a Amuna Anga ndi Ndalama za Boma

Amuna anga ankatsokomola mwadongosolo. Chinkayamba ndi kachifuwa kaulemu, konga ka munthu wofuna kulankhula pamsonkhano, kenako n'kubwera chenicheni chochokera pansi pa nthiti, chimene chinkawapinda pakati. Akamaliza ankalavula, n'kupukuta misozi, n'kunena liwu limodzi lomwelo: "Fumbi." Nkhuku zathu zinazolowera moti zinkangopitiriza kujompha, koma ine sindinazolowere.

Za fumbizo sankanama. Ali mnyamata anasinja miyala kumigodi ya golide, atatopa nazo analowa m'chigafa kusankha fodya chaka ndi chaka, ndipo pa zaka zonsezo chingambwe sichinkachoka pakamwa. Koma ndikati tiyeni kuchipatala, ankandiyang'ana ngati ndawauza kuti avale kapulana, chitenje cha amayi. Kuchipatala, iwo amati, n'kwa amayi apakati ndi ana okapimidwa kulemera. Ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kunyanyala, mpaka ndinakawanenera kwa amalume awo. Amalumewo anabwera, anamva mbali zonse ziwiri, anatsokomola limodzi ndi mphwawo, n'kugamula kuti ndi fumbi.

Ndiye chaka china titangokolola, kunamveka kuti kwabwera anthu ochokera ku Tete kudzapima mapapo. Anatifotokozera ndi enfermero, namwino wa pachipatala chathu, bambo wamfupi wodekha amene anabaya jakisoni pafupifupi aliyense wa kuno ku Mualadzi. Anati boma lapatula ndalama za kafukufuku, kuti lidziwe chimene chikutsokomoletsa anthu a kumigodi ndi a m'zigafa. Aliyense wogwira ntchito m'fumbi akauzire mpweya m'kamakina. Mvula ikadzatha adzabweranso kudzapima kachiwiri, ndipo amene mpweya wake udzachepe maulendo onse awiri adzatengedwa pagalimoto kukajambulidwa chifuwa ku Tete, osalipira kanthu.

Ine ndinamva galimoto ndi Tete, mtima wanga n'kudumpha. Amuna anga anamva kuti ndi nkhani ya anthu ena.

Amene anawadzutsa ndi achimwene anga. Achimwene anathawira ku Zambia nthawi ya nkhondo, ndipo ngakhale anabwerako kalekale, Chingerezi cha kumeneko sanachisiye pamalire pa Cassacatiza. Iwo ndi amuna anga akhala akupikisana chichokereni tsiku la ukwati wanga: pa bawo, pa kukula kwa nkhokwe, ngakhale pa belu la njinga lomveka patali. Madzulo oti mawa lake n'kupima anafika kwathu, anakhala pampando wa amuna anga, n'kudziguguda pachifuwa.

"Alamu, ine mawa ndikupita. Ndine fiti. Inu khalani, kamakinako kangakugwetseni."

M'mawa mwake ndisanasese n'komwe pabwalo, amuna anga anali atavala kale malaya a kutchalitchi.

Kuchipatala kunadzaza. Chipinda chinachepa, choncho anatulutsa tebulo pakhonde. Wopimayo anali dotora wachitsikana wa magalasi, wolankhula Chipwitikizi chothamanga, ndipo enfermero ndiye ankamasulira. Munthu ankakhala pampando, ankamupana mphuno ndi kopanira konga koyanikira zovala, ankaluma kapaipi ka pepala, kenako enfermero wodekha uja ankasanduka munthu wina: "Uzirani! Uzirani, musasiye, uziranibe." Pakompyuta pankatuluka mzere wokwera n'kutsika. Wa munthu wamphamvu unkakwera ngati phiri, wa wofooka unkangotukuka pang'ono. Vuto linali lakuti kompyutayo inayang'ana kumene kunali anthu. Pamene dotora ankazindikira n'kuitembenuza, amuna onse a pamzere anali atadziwa kale kuwerenga mapiri, ndipo aliyense akamaliza ankatsika pakhonde n'kusonyeza ndi dzanja msinkhu wa lake.

Achimwene anauzira mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, phiri lawo n'kukwera bwino ndithu. Amuna anga anakhala pampando, anakonza kolala, anakoka mpweya, anauzira, ndipo panatuluka kachulu. Anauziranso, kachulu komweko. Ulendo wachitatu chifuwa chinawapeza kapaipi kali kukamwa, n'kuchita dongosolo lake lonse pamaso pa anthu. Kopanira mphuno kanauluka kukagwera pa nsapato ya dotora. Kuwonjezera manyazi, wotsatira anali mayi wina wophika kachasu wa kutsidya kwa dambo, amene anangobwera kudzaperekeza mwamuna wake. Anauzira kamodzi, phiri lake n'kuposa la achimwene.

Dotora anawamvetsera amuna anga pamsana ndi chomvera chake kwa nthawi yaitali kuposa ena onse. Nkhope yake sinandisangalatse. Analankhula motsitsa, enfermero n'kumasulira kuti, "Akuti inuyo bambo, ulendo wachiwiri musadzaphonye."

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi mantha ndi chimwemwe pamodzi. Mantha chifukwa cha nkhope ija, chimwemwe chifukwa pamapeto pake munthu wina wophunzira anamva chimene ine ndakhala ndikumva. Titafika pakhomo amuna anga anati, "Sindinakonzekere. Alamu anandidzidzimutsa. Mvula ikatha adzaona."

Ndinawakumbutsa kuti si mpikisano. Anandiyankha kuti chilichonse chokhala ndi ndime yachiwiri ndi mpikisano, ndipo ine za mpira sindizidziwa.

Sanali okha. Dzinja limenelo amuna a m'mudzi mwathu anachita misala ya mpweya. Ulendo wachiwiriwo anautcha finali. Mipope ya njinga inapuma, chifukwa munthu wofuna kutchuka ankachotsa kavalavu n'kufufumitsa chubu ndi pakamwa. Ndinaona bambo wa imvi, wokhala ndi zidzukulu, atagwada pamphasa akuthamangitsa nthenga ya nkhuku ndi mpweya, anzake akumuchemerera. Enfermero anayesa kuwaletsa. Anati kupimako kumafuna munthu mmene alili, osati mmene akufunira kuoneka. Mwamuna aliyense anaganiza kuti enfermeroyo wagulidwa ndi mdani wake, ndiye analimbikira kwambiri.

Kwathu zinafika poipa. Amuna anga, amene chikwatiraneni sanalowepo m'khitchini, anayamba kundiyang'anira kuti moto ukangozilala adzauuzire. Tinadya ndiwo za phulusa dzinja lonse. Achimwene anawauza kuti ankhonya a ku Zambia amamwa mazira aawisi, ndipo nkhuku yanga yofungatira inayamba kudzuka m'mawa n'kupeza ikufungatira udzu. Anayambanso kuthamanga. Ankanyamuka pakhomo ndi liwiro loopsa, ankafika pa mtengo wa mango wa aneba, n'kubwerako akuyenda atagwira m'chiuno, n'kundiuza kuti njira ili ndi matope.

Koma chachikulu chinachitika atapita kukafunsa chinsinsi kwa mayi wa kachasu uja. Mayiyo anati alibe chinsinsi, amangouzira moto tsiku lililonse, ndipo fodya sanamulawepo. Amuna anga anabwerako, anatulutsa chingambwe chonse m'thumba, n'kundipatsa kuti ndikataye. Zimene ndinalephera ine zaka zonse zija ndi misozi ndi amalume, mayi wa kachasu anazichita ndi chiganizo chimodzi. Ndinasangalala, komanso ndinapsa mtima moti tsiku limenelo sindinawapatse madzi osamba.

Tsopano ndinali pavuto limene sindikanatha kuuza munthu mosavuta. Ndinkafuna amuna anga achire, koma ndinkafunanso alephere finali. Akanati auzire bwino pa tsikulo, galimoto ikanawasiya, ndipo iwo akanatenga phiri lawo ngati umboni wa moyo wonse wakuti ndi fumbi chabe. Chifuwa sichinathe ayi. Chinachepa masana, koma akagona chagada ndinkamva kaluzu m'kati mwawo.

Lachinayi lina kumsonkhano wa amayi a tchalitchi ndinaimirira n'kupempha kuti apempherere amuna anga alephere. Mayi wotsogolera anandifunsa mwaulemu kuti alephere chiyani. Nditafotokoza, anatseka maso nthawi yaitali, kenako anati, "Ambuye, inu mukudziwa chimene mnzathuyu akutanthauza, muchikonze nokha." Sabata yomweyo ndinamva kuti amalume aja athira nsembe ya ufa pansi pa mtengo, kupempha makolo kuti mphwawo apambane alamu ake. Choncho kumwamba kunalandira mapempho awiri otsutsana ochokera m'nyumba imodzi.

Mvula inatha. Misewu inauma, chimanga chinacha, tinakolola. Amuna ankati galimoto iliyonse ikamveka kumsewu, ankaimika bawo n'kuyamba kukoka mpweya. Inkakhala ya ogula fodya. Ogula fodya anabwera n'kupita, mphepo ya Juni inayamba, dotora osaoneka.

Ndinapita ndekha kukafunsa. Ndinapeza enfermero akupanga tiyi, ndipo kamakina kaja kanali pamwamba pa kabati m'katoni yake, atakafunditsa kansalu koluka kuti fumbi lisakalowe. Ndinaganiza kuti kamakinako kakusamalidwa bwino kuposa mapapo amene kanabwerera.

"Abwera liti?"

"Mayi, orsamento."

Ndinafunsa ngati ameneyo ndi munthu. Anaseka pang'ono, n'kundikhazika pabenchi. Anati chaka chilichonse akuluakulu ku Maputo amakhala pansi kugawa ndalama za dziko, izi za masukulu, izi za misewu, izi za zipatala. Za zipatalazo amazigawanso, ndipo kafukufuku amakhala kumapeto kwa mzere. Chaka chimenecho zofunika zinachuluka. Mvula inaononga milatho, mankhwala a malungo anafunika, anthu ogwira ntchito anafunika malipiro. Atafika pa kafukufuku wa mapapo anati adikire.

"Adikire mpaka liti?"

"Sananene. Mlatho ukagwa aliyense amauona, mayi. Mapapo ali m'kati mwa malaya."

Ndinamuuza kuti makina ali nawo, pakamwa pokuwira ali napo, awapime yekha. Anatsegula katoni n'kundionetsa kuti timapaipi ta pepala tinatha. Anati ngakhale tikanakhalapo, wodziwa kuwerenga mizere bwinobwino ndi dotora, amene tsopano anamupatsa ntchito ina, ndipo mafuta a galimoto yopita ku Tete anali m'ndalama zomwezo. Mizere yoyamba ija ili m'kompyuta, ikudikira inzake yoti aiyerekeze nayo, ndipo payokha siuza boma kanthu. Mpaka pano ndikulemba izi, ikudikirabe.

Ndinatuluka ndili wokwiya, ndipo chondikwiyitsa kwambiri chinali chakuti ndinalibe womukalipira. Enfermero sanadye ndalamazo. Mlatho nanenso ndimawolokapo ndikamapita kuchigayo, ndipo mwana wanga wotsiriza anachira malungo ndi mankhwala omwewo. Koma ndinkafuna ndione nkhope ya munthu amene ananena kuti adikire, ndimubweretse kwathu agone chipinda choyandikana ndi chathu, amve kaluzu kaja. Orsamento alibe khomo loti munthu n'kukagogoda.

Amuna atamva nkhaniyi anakwiya kuposa ine, koma osati chifukwa cha mapapo. Anakwiyira mazira amene anamwa ndi machubu amene anafufumitsa pachabe. Achimwene anati, "Ndi bajeti, alamu. Ku Zambia timati bajeti. Ikadulidwa yadulidwa." Amuna anga anati bajeti kapena orsamento, anthuwo amva mbiri ya kukonzekera kwawo ndipo aopa kuti makina angaphulike. Madzulo ake ndinawapeza m'chigafa akununkhiza tsamba la fodya, akulizunguza m'manja.

Mwayi wake amunawo anagwirizana kuti boma likalephera, finali achita okha. Anasankha Loweruka, pabwalo la mpira. Makina analibe, ndiye anapanga awo: ndowa ya madzi ndi bango lobowola. Munthu apanidwe mphuno, amize bango m'madzi, akoke mpweya kamodzi, auzire. Amene madzi ake abwadamuke nthawi yaitali kuposa onse ndiye katswiri. Zopanira zovala anabwereka zanga, osandipempha. Woweruza anasankha mayi wa kachasu, pofuna kuti asapikisane nawo. Mphoto inali tambala amene anasonkherana.

Kunabwera anthu ambiri kuposa tsiku la dotora. Anyamata amphamvu a m'timu ya mpira anauzira koyamba. Madzi anawira mpaka kutayikira pansi, anthu anakuwa, koma mpweya unawathera nthawi yomweyo. Achimwene anavula malaya, anazunguza mikono, anauzira mwamphamvu moti ananyowetsa woweruza, ndipo nawonso anathera pomwepo. Kenako anagwada amuna anga. Madzi awo sanawire. Ankangotulutsa timathovu ting'onoting'ono, kamodzikamodzi, koma osasiya. Anthu anayamba kuseka, kenako anasiya kuseka, kenako anayamba kuwomba m'manja. Timathovu tinkatulukabe. Nkhope inawada, maso anafiira, koma bango sanalisiye mpaka woweruza anawagwira paphewa.

Anapambana. Anawanyamula m'mwamba akutsokomola, tambala ali kukhwapa. Achimwene anati ndowa inapendekeka, koma palibe anawamvera.

Enfermero anali ataima kumbuyo ndi njinga yake, akuonerera. Ndinapita kwa iye mtima uli m'malere, n'kumufunsa ngati zikutanthauza kuti munthuyo wachira. Anapukusa mutu. Anati kamakina kaja kankayang'ana kwambiri mphamvu ya mpweya woyamba, osati kutalika kwake. Mapapo abwino amakhuthula mpweya msanga. Ena odwala, njira zake zimakhala zopanikizika, ndiye mpweya umatuluka pang'onopang'ono nthawi yaitali.

"Taonani amene akhala wachiwiri ndi wachitatu," anatero.

Ndinayang'ana. Wachiwiri anali bambo wina amene anasinja miyala limodzi ndi amuna anga, amene amapumula panjira akamapita kudimba kwake. Wachitatu anali msuweni wake, amene anasiya kuimba kwaya chifukwa mpweya sunkamufikitsa kumapeto kwa mzere. Atatu onsewo anaima pamodzi akumwetulira, akutsokomola mosinthana, mudzi wonse ukuwaombera m'manja. Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi, ndipo nditakhala pansipo ndinapeza kuti ndikulira.

Amuna anga sindinawauze kanthu. Ndinaganiza zowalola adyerere tambala wawo tsiku limodzi. Koma dzuwa likupendeka, titakhala pakhonde, tambala atamangidwa mwendo pa mzati, iwo anayamba okha.

"Mayi a ana, munaona amene anandiyandikira?"

"Ndinaona."

"Onse aja ndi a kumigodi."

Anatembenuka n'kuyang'ana tambalayo.

"Anyamata a mpira ndawapambana bwanji ine, woti sindipitirira pa mango a aneba?"

"Funsani enfermero."

"Ndinakuonani mukulankhula naye. Nkhope yanu yandiuza kale." Anatsokomola, analavula, ndipo ndinadikira liwu lija koma silinabwere. "Galimoto yawo ija sibwera?"

"Sibwera, bambo."

"Nanga munthu akapita yekha ku Tete, angamujambule?"

Ndinati enfermero atha kutilozera kokafikira. Tinagulitsa mbuzi, ndipo tambala anakhala nkhuku yoyamba ya m'mudzi mwathu kuphikidwa ngati kamba wa paulendo wa katswiri.

Kuchokera kwathu kukafika pamsewu waukulu wokwerera chapa, minibasi yopita ku Tete, ndi mtunda ndithu, ndipo pali zitunda. Amuna anga anakwera njinga, ine kumbuyo ndi chikwama. Pa chitunda choyamba anaima, anatsika, anawerama atagwira mawondo. Atapuma anandiyang'ana, anayang'ana njinga, n'kukhala pa kaliyala. Ndinamanga kapulana bwino, ndinakwera pachishalo, ndinayamba kupalasa.

Njirayo imadutsa pa mtengo pomwe amuna amasewera bawo. Onse anali pomwepo, achimwene ali pakati. Anaimika masewera n'kudzutsa mitu kuona mwamuna atanyamulidwa ndi mkazi wake. Ndinamva amuna anga akuwongoka kumbuyo kwanga.

"Alamu!" anakuwa. "Andiitana ku Tete, ku mpikisano wa provinsiya. Andiuza kuti ndisunge mpweya."

Achimwene anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anayang'ana ine, n'kutseka. Anangokweza dzanja.

Titakhota pomwe sakanationanso, amuna anga anandigwira m'chiuno ndi manja onse awiri n'kutsamira mutu pamsana panga. Anali opepuka kuposa thumba la chimanga limene ndimanyamula pa kaliyala yomweyo. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo ndinapalasa mwamphamvu kuti chapa isatisiye.